Alezi a M'midzi Asasenze Okha Katundu wa Dziko

Mwezi wa Januwale ukafika, pamene chimanga chili m'maondo ndipo nkhokwe zambiri zayamba kuonetsa pansi, pali chinthu chimene chimachitika mwakachetechete m'midzi yambiri ya dziko lino, chimene sichilengezedwa pa wailesi ndiponso sichifika msanga pa tebulo la bwanamkubwa. Timasukulu ta mkombaphala, tija tomwe ana a zaka zitatu mpaka zisanu amasonkhanako m'maŵa, timayamba kutsekedwa kamodzikamodzi. Ufa wa phala watha, mlezi wapita kukapalira munda wake kapena kukagwira ganyu, ndipo denga laudzu likudontha. Anawo amabwerera kumsana kwa achemwali awo, amene nawonso akadayenera kukhala m'kalasi.

Nkhani imeneyi si yaing'ono ayi, ndiponso sidayambe dzulo. Munthu aliyense amene angalondole mbiri ya kasamalidwe ka ana m'Malaŵi muno, kuyambira nthaŵi ya atsamunda kufikira lero, adzaona kuti moyo wa mwana udasintha kwenikweni pamene Boma lidatuma munthu wophunzitsidwa ndi wolipidwa kukagwira ntchito pakati pa anthu m'mudzi. Pamene Boma lidangolemba lamulo, kapena kungopempha anthu kuti adzipereke mwaulere, phindu lidabwera mochedwa ndiponso mopereŵera. Ogwira ntchito m'Boma ndi atsogoleri a chipani m'nthambi ndi m'madera ayenera kuidziŵa bwino mbiri imeneyi, pakuti ndiwo amene amakhala m'misonkhano momwe ndalama zachitukuko zimagaŵidwa.

Kalekale, kusanabwere ofesi kapena chipatala, mwana adali wa mbumba. Kwa Acheŵa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, kumene mwamuna amakakhala chikamwini kumudzi kwa mkazi, mwinimbumba ndiye adali ndi mau otsiriza pa za ana a mlongo wake, ndipo mayi akamwalira, mng'ono wake kapena gogo ankatenga khandalo popanda wina kulemba kalata. Kumpoto, kumene ana amatsata bambo chifukwa cha malowolo, abale a bamboyo ankachita chimodzimodzi. Atsikana ankagona kukuka kwa gogo, anyamata kumphala, ndipo m'menemo ndimo ankaphunziramo mwambo. Nchifukwa chake makolo adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Komabe si bwino kuikometsa nthaŵi imeneyo mopitirira muyeso, monga amachitira ena akagwira chimkuzamau pamsonkhano. Mbumba inkadziŵa kulera wamasiye, koma idalibe chida cholimbanira ndi nthomba, chikuku, kafumbata ndi malungo. Sichidali chachilendo kuti mayi aike m'manda ana angapo asanasiye kuyamwa, anthu nkumangoti ndi mmene zimakhalira.

Atsamunda atakhazikitsa ulamuliro wawo m'chaka cha 1891, chimene adadza nacho kumudzi ndi msonkho. Msonkho wa nyumba, thangata wa m'maesiteti a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, ndiponso maulendo a ku migodi ya ku Joni ndi m'mafamu a ku Rhodesia zidachotsa amuna ambirimbiri m'midzi, ena osabwereranso, aja ankatchedwa matchona. Katundu yense wolera ana adagwera amayi ndi agogo. Njala ya 1949 itagwa m'chigawo cha kummwera, amene adazunzika koposa adali okalamba, ana aang'ono ndi amayi amene amuna awo adachoka osatumiza kanthu. Chithandizo chochepa chimene chidalipo pa za ana chinkachokera ku mishoni. Amishoni a Livingstonia, amene adafika mu 1875, ndi a Blantyre, amene adafika mu 1876, ankasunga ana oomboledwa kwa ogulitsa akapolo, ndipo patsogolo pake mipingo idamanga zipatala zothandizirako amayi oyembekezera. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 kudatsegulidwa sukulu ya Jeanes ku Domasi, kumene aphunzitsi ankapita pamodzi ndi akazi awo, akaziwo nkumaphunzitsidwa ukhondo ndi kasamalidwe ka makanda kuti akaphunzitse anzawo kumudzi. Ganizolo lidali lanzeru, koma ophunzirawo adali oŵerengeka m'dziko la midzi zikwizikwi.

Pa mbali ya malamulo, Boma la atsamunda linkamuona mwana makamaka akapalamula mlandu, kapena munthu wina akafuna kumtenga kuti akhale wake. Ngakhale lamulo la ana ndi achinyamata la 1969, limene lidapangidwa dziko litalandira kale ufulu wodzilamulira mu 1964, lidatsata kwambiri njira yomweyo. Mbali yaikulu ya lamulolo inkanena za mwana wopalamula, mmene aŵeruzidwire ndi kumene asungidwire, monga ku Chilwa m'boma la Zomba ndi ku Mpemba m'boma la Blantyre. Lamulo limeneli lidagwira ntchito zaka zoposa 40. Mwana wosapalamula kanthu, amene ankangofota ndi njala kuseri kwa nyumba, lamulolo silidamfikire.

Chimene chidamfikira mwana ameneyu ndi sikelo. Nzeru yake idachokera kwa dokotala wina wa ku Britain, David Morley, amene ankagwira ntchito m'mudzi wa Imesi-Ile ku Nigeria kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960. Iye adaona kuti kudikira mwana kuti adwale kenaka nkumgoneka m'chipatala ndi kutaya ana ambiri pachabe, ndipo kuti nkwabwino kumuyeza mwezi ndi mwezi akadali bwino, kulemba kulemera kwake pa kadi imene mayi amasunga yekha, ndi kuchitapo kanthu mzere wa pakadipo ukangoyamba kugona. Dziko lino lidailandira njira imeneyi ndi manja aŵiri, ndipo m'zaka za m'ma 1970 sikelo idafalikira m'zipatala za Boma ndi za mishoni, nkutuluka kunja kukafika m'midzi yakutali. Amene adakula m'zaka zimenezo akukumbukira bwino mmene zinkakhalira: sikelo itapachikidwa pa nthambi ya mtengo wa mango, amayi atakhala pamzere ndi makadi awo okulungidwa m'pepala lapulasitiki kuopa mvula, nyimbo zophunzitsa zikuimbidwa, kenaka kulira kwa makanda jekeseni ikayamba. Pomwepo mayi ankaphunzitsidwa kuthira nsinjiro m'phala, ndipo mwana woonda ankalandira phala lija lidatenga dzina la Likuni. Mu 1979, chaka chimodzi maiko atagwirizana ku Alma-Ata kuti chithandizo choyamba cha zaumoyo chifikire munthu aliyense, Malaŵi adakhazikitsa ndondomeko ya katemera wa ana woteteza ku matenda asanu ndi amodzi, mwa iwo chikuku, poliyo, kafumbata, chifuwa chachikulu ndi chifuwa chokoka mtima.

Tsono sikelo sidzipachika yokha pamtengo, ndipo katemera sayenda yekha panjinga. Pali munthu amene amanyamula zonsezi, ndipo mbiri yake ndiyo yofunika kuimvetsa kuposa zina zonse. M'zaka za m'ma 1960 Boma lidalemba anthu oyenda m'midzi kutemera nthomba. Kolera itabuka mu 1973, kudalembedwanso ena othandiza kuthira mankhwala m'zitsime ndi kulondola odwala. Miliriyo itazilala, Boma lidaŵasunga anthu ameneŵa, nkumaŵaonjezera ntchito pang'onopang'ono, mpaka adasanduka alangizi a zaumoyo amene mudzi uliwonse ukuŵadziŵa lero. Kwa zaka zambiri maphunziro awo adali a milungu yoŵerengeka chabe, si adokotala kapena anamwino, ndipo malipiro awo si okhumbirika. Koma ali m'buku la malipiro a Boma, ali ndi woŵayang'anira, ndipo akajomba pali woŵafunsa. Kuyambira mu 2008 ambiri a iwo adapatsidwa bokosi la mankhwala kuti azithandiza pamudzi pomwepo ana odwala malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba, matenda atatu amene akhala akupha ana ambiri m'dziko muno.

Zotsatira zake zili m'ziŵerengero zimene Boma lidasonkhanitsa lokha. Kafukufuku wa zaumoyo wa 1992 adapeza kuti mwa ana 1,000 alionse obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu, kutanthauza pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi alionse. Mu 2000 chiŵerengerocho chidali 189, mu 2004 chidali 133, mu 2010 chidali 112, ndipo kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 adapeza 63. Dziko losauka, lopanda migodi ikuluikulu kapena doko, lidachita zimene maiko ena olemera kuposa ilo adalephera. Nzoona kuti zidathandiza ndi zambiri: masikito onyikidwa m'mankhwala, akatemera atsopano, ndalama za maiko othandiza, ndiponso njira imene Malaŵi adayamba mu 2011 yopereka mankhwala otalikitsa moyo kwa mayi aliyense woyembekezera amene wapezeka ndi HIV, kuti asapatsire mwana. Komatu masikito, katemera ndi uthenga wopita kukayezetsa, zonsezi zidafika pakhomo kudzera m'manja mwa munthu amene Boma lidamuika pamudzipo.

Nkhani ya chiponde ikuonetsanso zomwezo. Kale mwana wotupikana kapena wonyentchera kwambiri ankagonekedwa m'chipatala milungu ingapo, mayi nkusiya munda ndi ana ena kunyumba, kotero kuti ambiri ankathaŵa chithandizo chisanathe. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000 madokotala a ku Blantyre adayesa kupereka chiponde cha mtedza, mkaka, mafuta ndi shuga kuti mwana azidyera kunyumba, ndipo njala ya 2002 itagwa njirayi idayesedwanso m'midzi ya ku Dowa. Ana ambiri adachira ali pakhomo pa amayi awo, ndipo lero njira imeneyi ikutsatidwa m'maiko ambiri.

Pamene zimenezi zinkachitika, mbumba idagwidwa ndi chimphepo chimene makolo sadachionepo. Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'dziko muno adapezeka mu 1985, ndipo pasanathe zaka khumi midzi idadzaza ndi ana amasiye. Mliriwo udatenga anthu a msinkhu wolera, aja akadatenga ana a mlongo wawo, nkusiya agogo ndi zidzukulu zisanu, zisanu ndi ziŵiri, pena mwana wa zaka 14 ali mutu wa banja. Mu 1992 Boma lidatulutsa malangizo a kasamalidwe ka ana amasiye, ndipo mfundo yake yaikulu idali yakuti wamasiye aleredwe pakati pa abale ake, kukapanda abale aleredwe m'banja lina, ndipo nyumba yosungira ana amasiye ikhale njira yotsiriza. Mfundoyi idali yolondola ndithu, ndipo maiko ena adafika pa maganizo omweŵa mochedwa. Cholakwika chidali chakuti mfundoyo idapita kumudzi chimanjamanja. Gogo adauzidwa kuti asunge zidzukulu, koma sadapatsidwe thumba la chimanga kapena bulangete. Nyumba zosungira ana zidachulukabe, pakuti alendo opereka chithandizo amakonda chinthu chimene angachijambule ndi kulembapo dzina lawo, ndipo m'nyumba zimenezi mudaloŵa ana ambiri amene kholo limodzi likadali moyo, amene adapititsidwa kumeneko ndi umphaŵi chabe. Mlandu wa woimba wa ku America, Madonna, amene mu 2009 adakanizidwa ndi bwalo lalikulu kutenga mwana kenaka nkuloledwa ndi bwalo la apilo, udaonetsa dziko lonse lapansi kuti lamulo lotengera ana limene Malaŵi ankagwiritsa ntchito lidali lija adasiya atsamunda.

Padapita zaka 14 kuti chithandizo chitsatire mfundo ya 1992. Mu 2006 ku Mchinji kudayambika ntchito yopereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwirira ntchito, imene lero ikudziŵika kuti Mtukula Pakhomo, ndipo pofika mu 2018 idafika m'maboma onse 28. Mabanja ambiri olandira ndi a agogo ndi amayi olera ana amasiye. Ndalamayo njochepa, koma imagula ufa, sopo ndi yunifolomu, ndipo mwana amakhalabe pakati pa abale ake.

Za malamulo sipafunika kuchulutsa mau, pakuti dziko lino lili nawo okwanira. Malaŵi adavomereza pangano la maiko onse la ufulu wa ana mu 1991. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 adaika ufulu wa mwana m'ndime 23, ndipo chaka chomwecho maphunziro a pulayimale adakhala aulere, ana a sukulu nkuchuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo idapanga lamulo latsopano losamalira, kuteteza ndi kuŵeruza ana, limene lidaloŵa m'malo mwa lija la 1969, ndipo lidapereka udindo kwa makolo ndi makhonsolo. Mu 2015 lamulo la ukwati lidaika zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo oyendetsera dziko adasinthidwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 akhale mwana. Onseŵa ndi malamulo abwino. Koma kafukufuku uja wa 2015 mpaka 2016 adapezanso kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 20 mpaka 24, amayi 42 adakwatiwa asanafike zaka 18. Aliyense amene adagwirapo ntchito m'boma lakumidzi akudziŵa kuti ogwira ntchito yoona za chisamaliro cha anthu amakhala oŵerengeka pa anthu zikwi mazanamazana, ndipo kaŵirikaŵiri njinga yamoto imakhala ilibe mafuta tsiku limene uthenga wa mwana wozunzidwa wafika.

Apa mpamene nkhani ya mkombaphala ikuloŵa. Poyamba timasukulu ta ana aang'ono tidali ta m'tauni, ta ana a anthu olembedwa ntchito, ndipo mu 1970 kudakhazikitsidwa bungwe la Association of Pre-school Playgroups in Malawi loti lizitigwirizanitsa. Kumudzi kudalibe kanthu kufikira mu 1989, pamene Boma mothandizidwa ndi UNICEF lidayesa njira yatsopano m'maboma a Mzimba, Salima ndi Chikwawa. Chidaŵakakamiza ndi kunyentchera kwa ana. Maganizo adali akuti mudzi usankhe komiti, upeze malo, ulime munda, makolo aziphika phala mosinthana, ndipo anthu aŵiri kapena atatu odziŵa kuŵerenga azisamala anawo m'maŵa pamene amayi ali kumunda. Edzi itachulukitsa amasiye, njirayi idafalikira ngati moto wa chilimwe, pakuti idali njira yokhayo imene mwana wa kwa gogo akadadyera chakudya chotentha dzuŵa lisanafike pamutu. Mu 2003 Boma lidatulutsa ndondomeko yake yoyamba ya kakulidwe ka ana aang'ono, ndipo kalembera wa cha m'ma 2007 adapeza malo oterewa oposa 5,000 m'dziko lonse.

Anthu a m'midzi ayenera kuyamikiridwa, pakuti malo ameneŵa adaŵamanga ndi manja awo, ena m'matchalitchi, ena m'zisakasa, ena pansi pa mtengo. Koma chiŵerengero cha m'buku ndi chimene chili pamudzi ndi zinthu ziŵiri zosiyana. Mu 2011 ofufuza adayendera malo olembedwa m'kaundula m'maboma a Balaka, Dedza, Nkhata Bay ndi Thyolo, ndipo adapeza kuti pafupifupi theka la malowo silinkagwira ntchito pa nthaŵi imene adafikapo. Zifukwa zake zidali zomwe mudzi uliwonse ukudziŵa: chakudya chatha, nyumba yagwa kapena ikudontha, mlezi wasiya. Phala likasoŵa ana sabwera, ndipo ana akapanda kubwera mlezi amabwerera ku khasu lake.

Kodi mlezi ameneyu ndani? Kaŵirikaŵiri ndi mayi wa pamudzi pomwepo, amene adalekeza sukulu m'makalasi omaliza a pulayimale kapena kuchiyambi kwa sekondale. Ngati adachita mwayi, adaphunzitsidwa milungu iŵiri. Ambiri sadaphunzitsidwe nkomwe. M'maŵa uliwonse amalandira ana makumi angapo, kuŵasambitsa m'manja, kuŵaimbitsa nyimbo, kuŵaphunzitsa kuŵerenga miyala ndi zitsekerero za mabotolo, kupukuta amene wadziipitsira, ndi kuzindikira amene thupi latentha. Zoseŵeretsa amaumba yekha ndi dothi. Mwezi ukatha, ambiri a iwo salandira kanthu. Ochepa okha ndiwo amapatsidwa kangachepe kothokoza. Tsono munthu akaganiza bwino aona kuti katundu uja adagwera amayi m'masiku a thangata ndi matchona, nkugweranso agogo m'masiku a mliri, ndi yemweyo wagwera alezi lero, kungoti tsopano ali ndi dzina lokoma lakuti kudzipereka.

Pali ena amene amati nkhaniyi ingayambe yadikira, poti ana a msinkhu umenewu amangoseŵera. Ameneŵa akulakwitsa kwambiri. Akatswiri a zaumoyo ndi zamaphunziro amagwirizana kuti ubongo wa munthu umakula mofulumira koposa m'zaka zisanu zoyambirira, ndipo zimene zatayika pa msinkhu umenewu nzovuta kuzibweza. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu adali opinimbira. Dziko lidaphunzira kuŵapulumutsa ana ku imfa, koma ambiri mwa opulumukawo amafika mu Sitandade 1 thupi lili lofooka, asanagwirepo choko, asanamvepo nthano yoŵerengedwa m'buku, nkukakumana ndi kalasi la ana oposa 100 ndi mphunzitsi mmodzi. Ambiri amabwereza kalasi, ena amatopa nkusiya, ndipo Boma limalipira kaŵiri mpando womwewo. Palinso mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi amene amajomba kusukulu kuti abereke mng'ono wake mayi akapita kudimba. Mkombaphala ukatsekedwa, ana aŵiri ndiwo ataya sukulu pakhomo limodzi.

Ena amanena kuti kulipira alezi kudzapha mtima wodzithandiza umene Amalaŵi amadziŵika nawo. Mau ameneŵa amamveka okoma, koma sakusiyanitsa ntchito ziŵiri. Kuumba njerwa, kututa mchenga ndi kufolera denga ndi ntchito ya masiku oŵerengeka, ndipo mudzi ungaigwire mosangalala chimanga chikaloŵa m'nkhokwe. Kulera ana a anthu ena m'maŵa uliwonse, chaka chonse, nyengo yolima ndi yokolola yomwe, ndi ntchito ngati ina iliyonse. Palibe amene adapemphapo mphunzitsi wa Sitandade 1 kuti aziphunzitsa mwaulere, ndipo Boma likadasiya otemera nthomba aja kuti azingodzipereka, sikelo ikadatha kalekale. Komanso kusalipira kuli ndi mtengo wake wobisika. Mlezi akaphunzitsidwa ndi ndalama za Boma kapena za bungwe, kenaka nkusiya patapita chaka chifukwa cha njala ya pakhomo pake, ndalama zamaphunzirozo zapita naye, ndipo wobwera m'malo mwake ayenera kuyambiranso.

Funso la ndalama ndilo lenileni, ndipo si loyenera kulizemba. Alezi ndi ambiri, ndipo thumba la Boma lili ndi zibowo zambiri zofuna chigamba. Koma alangizi a zaumoyo nawonso sadalembedwe onse tsiku limodzi. Zidatenga zaka makumi angapo kuchokera kwa otemera nthomba kufika pa chiŵerengero cha lero. Choyamba nkudziŵa amene alipo. Ofesi iliyonse yoona za chisamaliro cha anthu m'boma iyenera kukhala ndi kaundula woona, wosonyeza malo amene akugwiradi ntchito, dzina la mlezi, maphunziro ake ndi zaka zimene wagwira, ndipo kaundulayo azitsimikizidwa m'miyezi ya njala, chifukwa kuyendera mu Juni kumanyenga. Kuchokera m'kaundula ameneyu malipiro ayambire kwa ophunzitsidwa ndi okhalitsa, nkumaonjezera chaka ndi chaka, mpaka ulezi ukhale udindo wodziŵika m'Boma, wokhala ndi maphunziro ake, woyang'anira wake ndi makwerero ake. Pa ntchito yolemba mainayi atsogoleri a m'madera asamale. Dzina la mlezi amene wagwira ntchito zaka zisanu ndi ziŵiri osalandira kanthu lisafufutidwe kuti paloŵe mphwake wa wapampando tsiku limene ndalama zamveka.

Zina sizifuna kudikira ndondomeko ya zachuma ya ku Lilongwe. Makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera akamasankha ntchito, kaŵirikaŵiri amathamangira mlatho, mjigo ndi chipinda cha sukulu ya pulayimale, ndipo zonsezi nzofunika. Koma denga lamalata ndi chimbudzi cha pa mkombaphala nzotsika mtengo kuposa zonsezi, ndipo sizitchulidwa chifukwa eni ake sabwera kumsonkhano. Mlangizi wa zaumoyo angathe kuchititsa sikelo ya mwezi ndi mwezi pamalo pomwepo, kuti mwana amene mzere wake wayamba kugona adziŵike ndi mlezi amene amamuona tsiku ndi tsiku. Mphunzitsi wamkulu wa pulayimale yapafupi angathe kumayendera malowo, pakuti anawo ndi ake a maŵa. Nyakwawa ipereke munda wachonde, osati wa pamiyala umene aliyense adaukana, ndipo mlangizi wa zaulimi auŵerenge munda umenewu pakati pa minda yake, aonetsetse kuti muli chimanga, soya ndi mtedza.

Pa za mundawu nthaŵi ndiyo yofunika kuisamala. Chimanga chobzalidwa ndi mvula yoyamba mu Novembala kapena Disembala chimakololedwa mu Epulo ndi Meyi, ndipo ndicho chiyenera kusungidwa bwino, chothiridwa mankhwala a anankafumbwe, kuti chifike Januwale ndi Febuluwale wa chaka chinacho. Motero komiti imene ikufuna kuti phala lisadzathe m'miyezi ya njala iyenera kukhala itapeza mbeu ndi feteleza chaka chathunthu ndi miyezi iŵiri nthaŵiyo isanafike, ndipo mlembi wa komitiyo alembe matumba okololedwa pamaso pa makolo onse.